Mbale wa Kachirombo ka Malungo Ali M'chithaphwi

Nkhani yathu ya lero ikuyambira pa Ginnery Corner mumzinda wa Blantyre, pamene pamadutsa msewu wa Masauko Chipembere wochokera m'tauni kupita ku Limbe. Dzina la malowa ndi chikumbutso cha makina ochotsera njere m'thonje amene anali pamenepo kale. Masiku ano chimene chimasonkhanitsa anthu ndi chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene ambiri amangochitcha kuti ku Gulupu, pamodzi ndi masukulu a ukachenjede amene ali chapafupi. Mvula ya mu Januwale ikagwa, m'mbali mwa msewu ndi m'ngalande zotsikira ku mtsinje wa Naperi mumatsala zithaphwi, ndipo aliyense wopita kukaona odwala amangozilumpha.

Ndikupempha kuti lero tiime pa chithaphwi chimodzi. M'kadontho ka madzi ake muli tizirombo tosaoneka ndi maso, ta selo limodzi lokha, tokutidwa ndi tiubweya timene timapalasa madzi monga nkhafi. Akatswiri amatitcha Ciliophora, ife tingoti tizirombo taubweya. Zimene ndikufuna kukufotokozerani n'zakuti tizirombo timeneti ndi abale a kachirombo ka malungo kamene kagoneka ana m'chipatala chija, ndipo chibale chimenechi chinabisika kwa zaka zoposa 100 chifukwa cha njira imene anthu ophunzira ankagawira zamoyo m'mafuko.

Munthu woyamba kutiona anali wogulitsa nsalu wa mumzinda wa Delft ku Holland, dzina lake Antonie van Leeuwenhoek. Iye ankapera yekha timagalasi tating'ono ngati njere ya mawere, n'kumasuzumira nato m'chilichonse chimene wachipeza. Mu 1674 anayang'ana madzi a m'nyanja ina ya kufupi ndi kwawo, ndipo mu 1676 analembera kalata bungwe la Royal Society ku London yofotokoza tinyama timene anatipeza m'madzi a mvula ndi m'madzi amene anaviikamo tsabola. Tina anati tili ndi timiyendo tambirimbiri tothamanga, timene lero tikudziwa kuti tinali tiubweya tija. Kena kanali ngati belu lokhala pa kachingwe kamene kamadzipinda msangamsanga kakadzidzimuka. Popeza tinyamati tinkachuluka m'madzi oviikamo udzu kapena masamba, a m'mbuyo mwake anatipatsa dzina lakuti Infusoria, ndiye kuti ta m'madzi oviikamo zinthu.

Kutiona kunali kosavuta poyerekeza ndi kutiika m'mafuko. Carl Linnaeus wa ku Sweden, amene anakonza dongosolo lopatsa chamoyo chilichonse maina awiri, anafika pa tizirombo timeneti n'kugwa ulesi. Mu 1767 anaunjika tambiri pansi pa dzina limodzi lakuti Chaos, kutanthauza chipwirikiti. Sitingamuimbe mlandu, pakuti magalasi a nthawi imeneyo ankaonetsa zinthu mwachimbuuzi. Amene anayamba kulongosola chipwirikiticho anali Otto Friedrich Müller wa ku Denmark, m'buku limene linatuluka mu 1786, patapita zaka 2 iye atamwalira.

Mkangano weniweni unabuka pakati pa Mjeremani ndi Mfalansa. Christian Gottfried Ehrenberg wa ku Berlin anathira utoto wofiira ndi wobiriwira m'madzi, tizirombo n'kuumeza, ndipo iye anaona timipira ta utoto titafola m'matupi mwake. Anati timeneti ndi mimba, ndipo m'buku lake lalikulu la mu 1838 analimbikira kuti kachirombo kalikonse ndi nyama yathunthu ya mimba zambiri, matumbo ndi ziwalo zoberekera, yongochepa msinkhu. Félix Dujardin wa ku France anayang'anitsitsa n'kuona kuti timipirato sitikhala malo amodzi. Timayenda mozungulira m'thupi, timabadwa pakamwa n'kukatha kwina, zimene mimba yeniyeni singachite. Pofika mu 1845 Carl Theodor von Siebold anatsiriza mlanduwo ponena kuti kachirombo konseko ndi selo limodzi. Ehrenberg analakwa, koma ine ndimamumvetsa. Anaona kanthu kodya, kosambira, kothawa adani, ndipo mtima wake unakana kuti zonsezi zingachitike popanda ziwalo zonga zathu.

Tiyeni tsono tikaone bwino kachirombo kameneka. Kodziwika kwambiri ndi Paramecium, kooneka ngati phazi la patapata, ndipo tinayi kapena tisanu titandondozana tingakwane milimita imodzi. Thupi lonse lili ndi tiubweya masauzande angapo tomera m'mizere, ndipo timapalasa motsatizana monga mmene mpunga umawerama m'dambo mphepo ikamadutsa. Chammbali muli kangalande kotsogolera chakudya kukamwa. Chakudyacho, makamaka mabakiteriya, chimakutidwa m'kathumba, ndipo kathumbako kamayenda m'thupi mpaka zotsala zitatayidwa pa kabowo kake kapadera. Timathumba timeneti ndi timene Ehrenberg anatiyesa mimba. Popeza madzi amalowa m'thupi mosalekeza, pali timathumba tina tiwiri timene timadzaza ndi kukhuthula, monga mnyamata wokapa madzi m'bwato lothonya. Kakakhuta n'kukula kamadziduka pakati chopingasa, monga munthu adula mzimbe, ndipo theka lililonse limamera zimene likusowa.

Koma chizindikiro chenicheni cha fuko limeneli chili m'kati. Pafupifupi selo lililonse, la munthu, la nkhuku kapena la chimanga, lili ndi kachigawo kotchedwa nyukiliyasi, kosunga malangizo a chibadwa. Tizirombo taubweya tili ndi mitundu iwiri ya nyukiliyasi, yaikulu ndi yaing'ono. Alimi andimvetsa msanga. Pakhomo pamakhala chimanga cha m'nkhokwe chimene banja limadya tsiku ndi tsiku, ndiponso ngala zochepa zosankhidwa bwino zimene amazipachika pamwamba pa moto kudikira dzinja. Nyukiliyasi yaikulu ndiyo nkhokwe, imene imayendetsa ntchito zonse za thupi. Yaing'ono ndiyo mbewu, imene imangokhala osagwiritsidwa ntchito kufikira tsiku limene tizirombo tiwiri tigundana chapakamwa n'kupatsana gawo la mbewu zawo. Zikatero nkhokwe yakale imaphwasulidwa, ndipo yatsopano imamangidwa kuchokera ku mbewu yosakanizayo.

Mmodzi mwa amene anafufuza zimenezi anali pa nthaka ya Afirika. Émile Maupas ankagwira ntchito yosunga mabuku mumzinda wa Algiers, ndipo akaweruka ankaweta tizirombo m'timbale, kuwerenga mibadwo yake mazanamazana mmodzimmodzi. M'zolemba zake za mu 1888 ndi 1889 anaonetsa kuti mzere wa tizirombo toletsedwa kupatsana mbewu umafooka n'kufa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo bambo ameneyu anadekha zaka zambiri.

M'zaka zomwezo, kuyambira 1880 mpaka 1889, Otto Bütschli wa ku Heidelberg analemba mabuku amene anagawa tizirombo tonse ta selo limodzi m'magulu anayi, makamaka poona kayendedwe kake. Gulu loyamba linali la toyenda mokwawa ngati phala lotayika, monga amiba. Lachiwiri linali la tosambira ndi kamkwapulo kamodzi kapena tiwiri. Lachitatu linali la taubweya. Lachinayi, lotchedwa Sporozoa, linali la topanda mkwapulo kapena ubweya wooneka, tokhala m'matupi a zamoyo zina. Dongosolo limeneli linali losavuta kuphunzitsa, ndipo linakhala m'mabuku a sukulu pafupifupi zaka 100.

Madokotala amene anabwera kuno ndi maikulosikopu anabwera nalonso dongosolo lomweli m'mitu mwawo. Alphonse Laveran anali ataona kachirombo ka malungo m'magazi a msirikali ku Constantine, m'dziko la Algeria, mu Novembala 1880, ndipo kanaikidwa m'gulu lachinayi. Ronald Ross atatsimikiza ku India kuti udzudzu ndiwo umakafalitsa, bungwe la Royal Society linatumiza anyamata awiri, John Stephens ndi Rickard Christophers, amene mu 1899 anali ku Blantyre kuno kuyeza magazi a odwala malungo ndi nthenda ya mkodzo wakuda. Stephens yemweyo, atabwerera ku Liverpool, ndiye amene mu 1910 pamodzi ndi Harold Fantham anapereka dzina lakuti Trypanosoma rhodesiense kwa kachirombo kamene anakapeza m'magazi a munthu wochokera ku chigwa cha Luangwa. Kameneka ndi ka kaodzera, nthenda imene ikuvutitsabe anthu okhala kufupi ndi nkhalango za ku Nkhotakota, Kasungu ndi Vwaza. Pakati pa 1912 ndi 1914 David Bruce ndi mkazi wake Mary anamanga msasa pa phiri la Kasu, m'dera limene nthawi imeneyo linkatchedwa Central Angoniland, kufufuza kachirombo kameneka m'anthu, m'nyama zakutchire ndi m'ntchentche za kashembe. Kachirombo ka kaodzera kali ndi mkwapulo, choncho kanali m'gulu lachiwiri.

Kwa dokotala wa masiku amenewo, ka malungo ndi ka kaodzera tinali ngati anansi a mudzi umodzi, pakuti tonse timapezeka m'magazi ndipo tonse timabwera ndi choluma. Taubweya tinali ta m'zithaphwi, tosakhudza ntchito yake. M'buku lake munali kamodzi kokha, kotchedwa Balantidium coli, kamene Per Henrik Malmsten anakapeza mu 1857 ku Stockholm mwa odwala awiri otsegula m'mimba. Kwawo kwenikweni ndi m'matumbo a nkhumba, ndipo kamafika kwa munthu ndowe za nkhumba zikalowa m'madzi akumwa kapena m'chakudya. Mpaka lero ndi kokhako m'fuko lonseli kamene kamadziwika kuti kamadwalitsa munthu, ndipo oweta nkhumba pafupi ndi chitsime achite nako tcheru. Tina ndi tothandiza. M'chifu cha ng'ombe ndi mbuzi muli tizirombo taubweya tochuluka zedi, toposa 100,000 mu mililita imodzi ya madzi a m'chifumo, ndipo timathandiza kugaya udzu. David Gruby ndi Onésime Delafond anationa koyamba ku France mu 1843.

Dongosolo la kayendedwe lija linali ndi ming'alu imene akatswiri ankaiona koma osadziwa poimata. M'matumbo a chule muli kachirombo kotchedwa Opalina, kokutidwa ndi ubweya thupi lonse, ndipo kwa nthawi yaitali kankayesedwa kholo la taubweya. Koma kalibe nkhokwe ndi mbewu zija, ndipo pomalizira pake kanachotsedwa m'fukoli. Palinso tina totchedwa Suctoria, timene tikakula tilibe ubweya ngakhale umodzi. Timangokhala pamalo n'kumayamwa tinzake ndi timachubu. Komabe ana ake amabadwa ndi ubweya, ndipo onse ali ndi mitundu iwiri ya nyukiliyasi. Waubweya anapezeka kuti ndi mlendo, wadazi anapezeka kuti ndi mwini mudzi.

Chithandizo chinachokera ku siliva, yemweyo wa ojambula zithunzi akale. Mu 1926 Bruno Klein wa ku Vienna, ndipo mu 1930 Édouard Chatton ndi André Lwoff a ku France, anapeza njira zonyika tizirombo m'mankhwala a siliva kotero kuti tsinde la kaubweya kalikonse limada bii. Kachirombo kotere kamaoneka ngati munda wokolola kale, momwe zitsa za mapesi zikuonetsa mmene mizere inayendera. Mtundu uliwonse uli ndi kalimidwe kakekake, makamaka kuzungulira kamwa, ndipo kalimidweko sikasintha. John Corliss wa ku America anamanga pa maziko amenewa m'buku lake la mu 1961, ndipo Denis Lynn wa ku Canada, m'buku la mu 2008, anagawa fukoli m'magulu akuluakulu 11, a mitundu yodziwika pafupifupi 8,000.

Ndi njira za siliva zomwezi, mitundu yosowa ya mu Afirika inayamba kulembedwa. Mu 1970 Jean Dragesco analongosola kachirombo ka m'madzi a ku Cameroon kotchedwa Loxodes rex, chimphona cha fukoli, chotalika kupitirira milimita imodzi kotero kuti munthu wa maso akuthwa angachione popanda galasi. Fuko la Loxodes lili ndi zachilendo ziwiri. Nyukiliyasi yake yaikulu sigawika, choncho pobereka imayenera kumangidwa mwatsopano kuchokera ku mbewu. Ndiponso m'thupi mwake muli timathumba tokhala ndi kamwala kolemera kamene kamauza kachiromboko kumene kuli kumwamba ndi kumene kuli pansi, kuti kapeze madzi a mpweya wochepa amene kamawakonda. Kwa zaka 30 anthu ankati chimphonachi n'cha mu Afirika mokha, kufikira akatswiri analengeza mu 2001 kuti chapezeka ku Thailand, ndipo mu 2016 kuti chapezekanso ku Florida. Ena anati umenewu ndi umboni wakuti tizirombo tating'ono tili ponseponse, ndipo chosowa ndi anthu otifunafuna. Wilhelm Foissner wa ku Salzburg sanavomereze. Iye ndi anzake anatenga dothi louma la ku Namibia, kulinyowetsa m'timbale, ndipo mu 2002 analengeza mitundu 365, mwa imeneyi 128 inali isanalembedwepo. Kwa iye zimenezi zinasonyeza kuti dera lililonse lili ndi take. Mbali zonse ziwiri zikugwirizana pa mfundo imodzi, yakuti dothi ndi madambo a kuno kum'mwera kwa Afirika zayang'anidwa pang'ono chabe.

Tibwerere ku chibale chija. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, maikulosikopu yamphamvu yogwiritsa ntchito maelekitironi inalola akatswiri kudula kachirombo m'tizigawo topyapyala n'kuona khungu lake. Pansi penipeni pa khungu la Paramecium anapeza timatumba taphwatalala toyalidwa mogundizana, monga matailosi a pansi m'nyumba, ndipo tiubweya timatulukira m'mipata yake. Ofufuza malungo, amene sankawerenga kawirikawiri zolemba za ofufuza zithaphwi, anapezanso timatumba taphwatalala pansi pa khungu la kachirombo kawo, n'kutipatsa dzina lawolawo. Tinapezekanso m'tizirombo tina ta m'nyanja zamchere, ta mikwapulo iwiri, tambiri mwa ito todya kuwala kwa dzuwa monga zomera. Magulu atatu amene Bütschli anawaika m'makola osiyana anali atavala malaya amkati ofanana. Mu 1991 kuyerekeza kwa malangizo a chibadwa kunatsimikiza kuti atatuwa anachokera kwa kholo limodzi, ndipo chaka chomwecho Thomas Cavalier-Smith anawatcha Alveolata, kuchokera ku liwu la Chilatini la timatumbato.

Kachirombo ka kaodzera kalibe timatumba timeneti. Mbale wake ndi Euglena, kobiriwira kamene kamasandutsa madzi oima kukhala ngati ndiwo zamasamba, ndipo pobereka kamang'ambika m'litali monga nsungwi. Kwathu kuno tikudziwa kuti anthu awiri ogona nyumba imodzi ku Ndirande, ogwira ntchito imodzi ndi oyenda mofanana sakhala abale chifukwa cha zimenezo. Munthu amafunsidwa mfunda wake ndi kumene kunachokera amayi ake. Akatswiri a tizirombo anatha zaka zambiri akuweruza poona mayendedwe asanayambe kufunsa za mfunda.

Wina angafunse kuti mayi amene wagoneka mwana wake ku Gulupu apindulanji ndi mbiri yotere. Choyamba, timatumba tija ndi timene kachirombo ka malungo kamatsamirapo pamene kakudzikankha kulowa m'selo lofiira la magazi, choncho ofunafuna mankhwala atsopano amatiyang'anitsitsa. Chachiwiri n'chodabwitsa koposa. Ngati kachiromboka kali pachibale ndi tizirombo todya kuwala kwa dzuwa, kayenera kukhala ndi chotsalira cha moyo umenewo. Mu 1996 akatswiri a ku London ndi a ku Melbourne anaonetsa kuti m'tizirombo ta fuko la malungo mulidi kachiwalo kotsalira ka mtundu umene umapatsa masamba kubiriwira. Sikagwiranso kuwala, koma kachirombo ka malungo sikangakhale moyo popanda iko. Popeza kachiwaloka kanachokera ku mabakiteriya kalekale, mankhwala ena opha mabakiteriya amakagwira, ndipo n'chifukwa chake doxycycline, amene alendo ochokera kunja amamwa podziteteza, amapha kachirombo ka malungo ngakhale kuti amachedwa. Kuchedwako n'kofunika kukukumbukira. Mwana wotentha thupi apite kuchipatala tsiku lomwelo akayezedwe magazi, ndipo akapezeka ndi malungo alandire LA, mankhwala amene dziko lino linayamba kugwiritsa ntchito mu 2007. Mu 2008 akatswiri analengeza za kachirombo kotchedwa Chromera velia, kamene kanapezeka m'matanthwe amoyo a pagombe la Sydney ku Australia, mbale wapafupi wa fuko la malungo amene akudyabe kuwala mpaka lero. Oweta ziweto adziwenso kuti kachirombo ka East Coast fever, nthenda ya ng'ombe yobwera ndi nkhupakupa, ndi ka m'fuko lomweli.

Pa Ginnery Corner pomwepo, nkhondo yolimbana ndi mbale woipayu ili ndi mbiri yakeyake. Chipatala cha Queen Elizabeth chinatsegulidwa mu 1958. Mu 1986 Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anayamba kufufuza malungo a mu ubongo mwa ana, ndipo mu 1989, pamodzi ndi Jack Wirima ndi mnzawo wina, anafalitsa njira yoyezera kukomoka kwa mwana wosatha kulankhula, poona mmene akuyendetsera maso, mmene akulirira ndi mmene akuthawitsira dzanja akatsinidwa. Njirayo imapereka mapointi kuyambira 0 mpaka 5, ndipo madokotala a m'maiko ambiri amaitcha ndi dzina la mzinda wathu, Blantyre Coma Scale. Sukulu ya udokotala inatsegulidwa chapafupi mu 1991, chaka chomwe dzina la Alveolata linabadwa, ndipo kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences.

Pasakhale wina wochoka pa wailesi n'kukauza anzake kuti madzi a m'chithaphwi amapatsa malungo. Paramecium ndi anzake sadwalitsa munthu, ndipo kholo limene amagawana ndi kachirombo ka malungo linakhalako zaka mamiliyoni mazana ambiri zapitazo. Malungo amabwera ndi udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles. Komabe chithaphwi chathu chija chili nawo m'nkhaniyi, pakuti udzudzuwo umaikira mazira m'madzi oima oombedwa ndi dzuwa. Mphutsi zake zimagona chopingasa pansi pa nkhope ya madzi, n'kumakokera kukamwa tinthu tating'ono tonse toyandama, ndere, mabakiteriya ndi tizirombo taubweya tomwe. Nyengo yotentha, pakatha sabata imodzi kapena awiri, mphutsiyo imasanduka udzudzu n'kuuluka madzulo kulowera ku nyumba za ku Chitawira ndi ku Naperi.